Ndithandizeni, injini ya boti langa ikutentha

Abale anga, makamaka inu amakaniko ndi asodzi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi boti la matabwa kuno ku Mtakataka, m'boma la Dedza, injini yake ndi Yamaha ya 15 HP. Timadzi totuluka kumbuyo tija, tosonyeza kuti pampu ikukoka bwino, masiku ano tikungodontha, ndipo injini ikutentha msanga.

Kabowo kake ndakatokosa ndi kawaya koma palibe chasintha. Ndikukayikira impeller, kalabala kamapiko kaja kamene kamakankha madzi oziziritsa injini. Gombe lathu ndi losaya, ndiye tikamakocheza injini imameza mchenga wambiri, ndipo mchenga umadya labala. Nawonso anyamata amakonda kuiliza ili pamtunda, pomwe kalabalako kakazungulira popanda madzi sikachedwa kupsa.

Kodi ndingosintha kalabala kokhako, kapena pamodzi ndi kachitsulo komwe kamazungulirapo ndi magasiketi? Nanga mapiko akapezeka othothoka, zidutswa zake mumazifufuza pati kuti zisatseke njira ya madzi? Kalabala kenikeni, osati kachinyengo, mumagula kuti, ku Salima kapena ku Lilongwe? Nyengo ya mwera ino sindingalole anyamata kupita nayo pakati pa nyanja ili chonchi.