Keke ya nthochi mu chitini cha mizere: tipake chiyani kuti isamamatire?

Akatswiri a makeke, ndithandizeni nzeru pa chitini chija chokhala ndi mizere komanso bowo pakati, amati Bundt.

Chitini chosalala sichivuta. Timapaka majarini wofewa pansi ndi m'mbali, n'kuyala pepala la makeke lodulidwa molingana ndi pansi pake, kuwaza supuni imodzi ya fulawa, kuzunguliza, kenako kugogoda kuti wotsala agwe. Ikakhala ya chokoleti timawaza koko kuti isatuluke ndi mawanga oyera.

Koma cha mizerechi pepala silikhala. Keke ya nthochi ili ndi shuga wambiri, ndipo shugayo akapsa m'makona amasanduka ulimbo, akazizira amagwiriratu chitini, keke n'kutuluka yonyotsoka pamwamba.

Ena amasakaniza fulawa, mafuta ophikira ndi shortening (mafuta olimba opanda madzi, ophikira makeke) pa muyezo wofanana, n'kupaka ndi kaburashi mzere uliwonse mpaka pachubu chapakati. Kodi majarini angalowe m'malo mwa shortening, poti majariniyo amakhala ndi madzi? Nanga tipake nthawi yanji? Tikapaka msanga kunja kukutentha, mafuta amatsetserekera pansi, m'mbali n'kutsala pouma.

China ndi nthawi yotembenuza chitini kuti keke ituluke. Mu uvuni wa 180°C ambiri amadikira mphindi 10 mpaka 15 ikatuluka. Nanga inu ophika pa mbaula, chitini chili mumphika wa mchenga, pomwe moto umachuluka pansi, mumadikira nthawi yomweyo kapena mumaichotsa ikadali yotentha?