Za HIP ku Indiana: nkhani ija yatheka

Zikomo nonse amene munandiyankha pa funso lija, loti kodi ine ndi mayi a kunyumba tingalowe mu Healthy Indiana Plan (HIP), Medicaid ya akuluakulu kuno, yomwe ndi inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ya anthu opeza ndalama zochepa, poti malipiro anga amasinthasintha.

Ndinatsatira malangizo a achemwali a ku South Bend aja, oti ndisadziweruze ndekha koma ndingolembetsa ku FSSA, ofesi ya boma la Indiana yoyang'anira Medicaid, ndi mapepala a malipiro a posachedwa. Atilandira tonse awiri, ndipo mwana ali pa Hoosier Healthwise, Medicaid yothandiza ana kuno.

Malire a malipiro pa HIP ndi 138 peresenti ya mulingo wa umphawi wa boma. Mu 2025, banja la anthu atatu mulingowo unali $26,650 pachaka, ndiye malire ankafika $36,777, pafupifupi $3,065 pamwezi. Amaona za pamwezi, osati zimene munapeza chaka chatha. Komanso amawerengera ndalama msonkho usanadulidwe, osati yolowa m'thumba. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti ndalama yopita ku 401(k), thumba la penshoni la kuntchito, msonkho usanachotsedwe saiwerengera, ndiye tinatsikira pansi pa malire. Amene munati galimoto ndi ndalama za kubanki zitilepheretsa, ayi ndithu, pa HIP sayang'ana katundu.

Kwa obwera kumene: ambiri okhala ndi green card (chilolezo chokhazikika ku America) amadikira zaka 5 asanaloledwe, ngakhale malipiro achepe bwanji. Ife tinadutsa kale pamenepo. Ndipo ma ovataimu akachuluka, muwadziwitse a FSSA msanga, musadikire kalata yoti mulembetsenso.