Ndikufuna kusiya ukochi ndiyambe kuyimbira mpira wa ana asukulu, ndiyambire pati?

Aphunzitsi anzanga ndithandizeni maganizo. Ndakhala kochi wa timu ya anyamata pa pulayimale yathu zaka 6, koma temu yathayi ku magemu a zoni oyimbira sanabwere ndiye anangondipatsa wezulo ine, ndipo chilungamo chake ndinazikonda moti mtima wanga wapita konko.

Vuto ndi loti ndikaima pakati pa bwalo diso limathamangira komwe ana alakwitsa kaimidwe, pakamwa pamayabwa kufuna kukuwa kuti bwerera iwe, mpaka ofusayidi ina inandidutsa ndikuyang'ana difenda. Inu amene munayendapo njira imeneyi, mutu wa ukochi munauzimitsa bwanji?

Chinanso, makosi a oyimbira a FAM munthu wakumudzi kuno amalembetsa kudzera kwa ndani, kapena ndiyambire kwa a MASSA, bungwe la masewero a m'sukulu? Malamulo nawo akusintha, lija la 2025 loti goloboyi akagwira mpira kupyola masekondi 8 timu inayo imenye kona ndinalimva mochedwa.

Nanga timu yanga ikafika fainolo ya zoni ndizikana wezulo eti? Ana amenewa ndawalera ndekha kuyambira sitandade 5, sindikufuna adzanyozedwe kuti anawina chifukwa cha ine.