Yamaha 15 yakale: ndikonzetse kapena ndingogulitsa?

Nachisale_SengaBay

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi boti la chilimira kuno ku Senga Bay, injini yake ndi Yamaha Enduro 15 imene anandisiyira malemu bambo a kunyumba. Chaka chino yayamba kuvuta. Ikakhala yozizira imalira bwinobwino, koma ikatentha n'kuizimitsa, anyamata amakoka chingwe mpaka mikono kuwawa. Boti likadzaza ukonde ndi anthu imangofuka utsi, liwiro palibe. Pulagi yam'munsi imadanso msanga.

Makanika wina wa pano akuti tiitsegule tisinthe maring'i ndi masilu. Alamu anga akuti kumeneko n'kutaya ndalama, ndiigulitse ngati masipeya, ndiwonjezerepo ndigule yatsopano ya ku China. Ya Yamaha yatsopano sindingaikwanitse. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, mitengo yake timangoimvera kutali. Inu odziwa mainjiniwa, kodi yakale chonchi ikakonzedwa imabwereradi mwakale?

Sipanala_Monkey_Bay

Mayi, pepani ndi zimenezi. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndipo ndinene poyamba: musalole munthu kumasula bawuti ngakhale imodzi asanayeze compression, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Amachotsa mapulagi onse awiri, amamanga geji pabowo la pulagi, n'kukoka chingwe mwamphamvu kangapo. Injini yathanzi imapitirira 100 psi m'masilinda onse awiri, ndipo awiriwo asasiyane kupitirira 10 peresenti. Makanika wonena za maring'i alibe geji akungolosera ndi ndalama zanu.

Zimene mwafotokozazi zikufananadi ndi compression yotsika. Koma CDI (kabokosi ka magetsi koyendetsa moto wa mapulagi) kapena koilo yotopa imachitanso chimodzimodzi: pozizira moto ulipo, ikatentha moto umathawa. Ndiye ikakana kulira ili yotentha, ayang'ane nthawi yomweyo ngati pulagi ikuthetheka moto. Zikakhala za magetsi, ntchito yake ndi yongomasula n'kuika china, injini osaitsegula n'komwe.

Tsono pa funso lanu lenileni. Enduro 15 ndi injini yosavuta: masilinda awiri, 246cc, ilibe mavalavu, ilibe sampu ya oyilo. Zimene zingandichititse kuuza mwini wake kuti aisiye ndi crankshaft (chitsulo cha m'kati chimene mapisitoni amazunguza) ndi giyabokosi basi. Gwirani flywheel (gudumu limene chingwe cholizira chimazunguza) pamwambapo muigwedeze uku ndi uku. Ikamasewera kapena kumveka kukhukhuluza mukaizunguza, mabeyaring'i a crankshaft apita, ndipo pamenepo ndalama imakwera zedi. Kenako tsegulani sikuluwu ya pansi pa giyabokosi. Oyilo akatuluka woyera ngati mkaka ndiye kuti mukulowa madzi, kawirikawiri chifukwa cha ulusi wa ukonde umene umakulungika kuseri kwa propela n'kudya silu. Zimenezo ndi zochizika. Koma mukaona tizidutswa ta chitsulo mu oyiloyo, magiya adyana.

Ziwirizi zikakhala bwino, konzetsani mosakayika. Maring'i, magasiketi, masilu, impela (kopopa madzi oziziritsa injini), zida za mu kabureta, zonsezi ndi zinthu zopangidwira kutha n'kusinthidwa. Ngakhale silinda itakalika, pali mapisitoni okulirapo ndi 0.25 kapena 0.50 mm, buloko imapita ku Lilongwe kapena ku Blantyre kwa oboola, imabwera yosalala. Ndiye kuti injini imodzi mungathe kuiukitsa kawiri buloko isanathe ntchito.

Koma mayi, chimene chimapha mainjiniwa kuno kunyanja si ukalamba. Ndi oyilo. Injini ya 2-stroke imadzozedwa ndi oyilo amene ali mu petulo yemweyo, kulibe kwina. Muyezo wake ndi 50:1, kutanthauza 20 ml pa lita imodzi, theka la lita pa malita 25. Ndimaona zambiri pano: bwana wapereka ndalama ya botolo lathunthu, anyamata athira theka, theka linalo agulitsa padoko. Ena amathira oyilo wa galimoto poti ndi wotchipa. Ameneyo sapsa bwino, amasiya kaboni, maring'i amamatirira m'mizere ya pisitoni, compression n'kugwa. Nthawi zina tikatsegula timapeza maring'i sanathe n'komwe, angomatidwa ndi kaboni. Pa injini ya m'madzi funani oyilo wolembedwa TC-W3 pabotolo. Ndipo muzisakaniza nokha kumtunda, maso anu akuona, osati kutumiza botolo panyanja.

Chinanso ndi mchenga. Anyamata akamafika padoko injini ili pansi, imayamwa mchenga umene umadya impela. Ena amailizanso pamtunda "kuti timve ngati ili bwino", pomwe impela ndi ya labala, popanda madzi imapsa nthawi yochepa kwambiri. Kamadzi kaja kamene kamatuluka kumbuyo kakangofooka, azimitse. Injini yotenthedwa ndi imene imakala pisitoni.

Za pulagi yam'munsiyo, muiyang'anitsitse. Ikakhala yakuda ndi yonyowa mafuta ndi nkhani ya moto wofooka kapena compression. Koma ikakhala ndi timadontho ta madzi kapena dzimbiri, madzi akulowa mu silinda, mwina pa gasiketi ya hedi, mwina pa silu ya pansi. Imeneyo musaichedwetse, chifukwa madzi akafika pa mabeyaring'i ndiye tabwerera ku nkhani ya crankshaft ija.

Mlovi_wa_ku_Chia

A Sipanala anena zomveka, koma iwo amaonera injini pa benchi. Ife timaionera pakati pa nyanja usiku, mwera utayamba. Mu Juni kapena Julaye injini ikakuzimira uli kutali, boti lodzaza usipa, sukumbuka zoti unapulumutsa ndalama zingati pokonzetsa. Ndipo ngakhale mufike bwino, usipa wofika padoko dzuwa litakwera mtengo wake si wa m'mamawa.

Vuto lina ndi masipeya. Pamsika pano bokosi limalembedwa Yamaha, zam'kati zosadziwika kochokera. Ine ndinaikitsa maring'i otero, mwera usanathe anali atatha kale. Ndiye mayi, mukati mukonzetse, werengerani mtengo wa masipeya enieni, osati a pa tebulo. Mukaona kuti zikufika theka la mtengo wa yatsopano ya ku China, ine ndingatsatire mawu a alamu anuwo.

Sipanala_Monkey_Bay

Achimwene, za masipeya abodza tikugwirizana. Koma ya ku China ija, monga Parsun 15, anaikopera ku Yamaha yomweyi, moti zida zambiri zimalowana. Imagwira ntchito, sindikuinyoza. Kungoti zimene ndimalandira pano, mabawuti ake ndi magiya ake sizipirira ngati za Enduro, ndipo pogulitsa mawa palibe amene angakupatseni ndalama yooneka. Yamaha ngakhale yakufa anthu amalimbirana. Komanso yatsopanoyo ikapita m'manja mwa anyamata omwewo ndi theka la botolo lomwelo, mwera udzaipeza chimodzimodzi.

Mphunzitsi_Dwangwa

Ndiwonjezereko pang'ono za mafuta. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe. Fakitale ya kuno ku Dwangwa inayamba mu 1982, ina ili ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye petulo wokhalitsa m'thanki kunyanja amasunga madzi pansi, komanso amaumitsa mapaipi akale a labala ndi kachikopa ka mu pampu ya mafuta. Onjezani petulo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa. Asanayambe zazikulu, atsanule thanki yonse mu ndowa yoyera aone, atsuke kabureta, asinthe paipi ndi kampira kopopera kaja. Jenereta yanga ya Tiger inkachita makani ngati omwewa, vuto linali pamenepo.

Nachisale_SengaBay

Zikomo nonse. Ndinapeza makanika wina ku Salima boma amene ali ndi geji. Silinda yapamwamba 105, yam'munsi 80. Flywheel sikusewera, oyilo wa giyabokosi ndi wotuwirako koma mulibe zitsulo. M'thanki munalidi madzi pang'ono, a Phunzitsi. Tagwirizana kuti atsegule Loweruka ine ndili pompo, ndipo zida ndikagula ndekha ku Lilongwe. A Sipanala, ikatha kukonzedwa ingapite kunyanja usiku womwewo?

Sipanala_Monkey_Bay

Ayi mayi, isathamangire ukonde. Thanki yoyamba muthire oyilo wowirikiza, 25:1, ndiye kuti lita yathunthu pa malita 25. Iyambe yalira pang'onopang'ono padoko ili m'madzi, kenako azungulire nayo pafupi boti lili lopepuka, osatsegula mafuta onse, liwiro azisinthasintha. Maola 10 oyamba akatha mubwerere ku 50:1, makanika akhwimitsenso mabawuti a hedi. Poti injini ikhala yotsegula kale, musinthiretu impela ndi masilu a ku propela, ndipo zida zonse zakale zimene achotse akupatseni m'manja.