Za ulendo wa amayi kuchokera ku Johannesburg

Achemwali aakulu (Johannesburg): Mwaswera bwanji nonse akubanja? Amayi akupezako bwino tsopano, ndipo mtima wawo wonse uli pa chinkhoswe cha mdzukulu wawo ku Thyolo. Ndikupempha kuti tigwirizane sabata ino za mayendedwe awo. Ine ndikufuna abwere pa ndege. Basi sindikuifuna, chifukwa njira ya pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza imadya usana ndi usiku wake, nthawi zina kupitirira apo, chonsecho miyendo yawo imatupa akangokhala pampando kwa maola atatu.

Atsibweni (Thyolo): Zikomo ana anga posamalira mlongo wanga. Ine ndegeyo sindinakwerepo, choncho mundiuze bwino: akhala m'mwambamo nthawi yaitali bwanji?

Achimwene (Lilongwe): Atsibweni, kuchokera pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg kufika pa Chileka ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege yosaima pena imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa. Kufika kuno pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 1,490, ulendo wa maola awiri ndi theka kapena kucheperako pang'ono. Nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu, kotero ola lolembedwa pa tikiti ndi lomwelo la pa wotchi yanu. Ine ndimaganiza kuti atsikire kuno, agone kwathu, kenaka ndiwaperekeze pa galimoto.

Azakhali (Limbe): Mtima wanu ndi wabwino achimwene, koma pamenepo ndikukana. M'mwamba kusiyana kwake ndi mphindi chabe, koma pansi pano kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi makilomita oposa 300 pa msewu wa M1, maola osachepera anayi, ndiye muwonjezepo wa ku Thyolo. Tikatero tawabwezera mavuto a basi omwe tikuwathawawo. Atsikire pa Chileka, ine ndikawachingamire, apume kuno ku Limbe usiku umodzi, m'mawa mwake tidutse m'minda ya tiyi tikafike kumudzi dzuwa lisanatenthe.

Achimwene (Lilongwe): Ndamva azakhali, ndipo ndavomera. Chonde achemwali, pogula tikiti muonetsetse kuti ndegeyo ikuyamba kutera ku Blantyre, chifukwa zina zimadzera ku Lilongwe ndipo ulendo umatalika.

Achemwali aakulu (Johannesburg): Ndiyang'ana ku Malawi Airlines ndi ku Airlink usiku uno. Tisaiwale kuti pa ulendo wotuluka m'dziko amafuna munthu afike pabwalo patatsala maola atatu, ndipo OR Tambo ndi bwalo lalikulu, loyenda mtunda kuti ukafike pokwerera. Ndipempheratu njinga ya olumala pogula tikiti, kuti pakhale wowakankha mpaka pakhomo la ndege. Mankhwala awo ndi kalata ya dokotala ndiika m'kachikwama kam'manja, osati mu sutikesi. Pasipoti ndaiona, masiku ake sanathe.

Atsibweni (Thyolo): Ngati ndi maola awiri okha, mtima wanga wakhala pansi. Msonkhemsonkhe wa tikiti aulandire azakhali anu ku Limbe, ndipo aliyense atumize gawo lake pofika Lachisanu. Langa ndipereka Lachitatu ndikagulitsa nthochi ku Bvumbwe.

Azakhali (Limbe): Ndalandira udindowo. Achemwali, mukangogula tikiti mutitumizire chithunzi chake pano, kuti ndidziwe tsiku ndi ola lokafika pa Chileka.