Kodi "Kumpotosimpita" ndi nyenyezi ziti kwenikweni?

Akuluakulu odziwa Chichewa chakale ndithandizeni apa, pali mawu andizunguza mutu sabata yonseyi.

Lachisanu usiku magetsi atathima kuno ku Chiputula tinakhala panja ndi agogo anga aakazi, abwera kuchokera ku Dedza kudzaona zidzukulu, anali atafunda bulangete ndi chitenje pamwamba poti kuzizira kwa Mzuzu mu June mukukudziwa nokha. Chifunga kunalibe tsiku limenelo, nyenyezi zili mbuu kumwamba konse. Nde agogo anayang'ana chakummwera nkuloza ndi ndodo yawo, amvekere "si uyo Kumpotosimpita watuluka." Ine ndinadabwa, zaka zonsezi mawu amenewa sindinawamvepo pakamwa pa munthu. Ndafunsa kuti ziti agogo, iwo angoti "zomwezo mdzukulu wanga, ndi mmene ankatchulira makolo athu," kenako kuzizira kwawalowa mmafupa nkukagona.

Vuto nlakuti komwe inaloza ndodo kuli zinthu ziwiri. Kuli nyenyezi zinayi zija zooneka ngati mtanda, azungu amati Southern Cross, ndiye pambali pake pali ziwiri zowala kwambiri zomwe zimakhala ngati zikuloza mtandawo. Dzinali ndi la mtanda, la ziwirizo, kapena la chigawo chonsecho? Ndipo "simpita" ameneyu ndi "sindipita" wa kale eti, ngati kuti nyenyeziyo ikuyankhula yokha kuti kumpoto ine ayi?

Zikomo bambo amene mwandikumbutsa za Yobu 9:9, ndatsegula Buku Lopatulika ndipo zoonadi mawuwa alimo, pamodzi ndi magulu ena a nyenyezi, Nsangwe (azungu amati Pleiades) komanso Akamwiniatsatana (Orion). Ndiye kuti si dzina la kwa agogo okha. Koma vesilo langotchula dzina basi silikuloza kumwamba, funso langa likadalipo.

Ine mtima wanga uli pa ziwiri zowalazo, ndipo ndinene chifukwa chake ngakhale nditalikitsa pang'ono. Yowala kwambiri pa ziwirizo, imene ili kutali ndi mtanda, ndi Alpha Centauri. Pa nyenyezi za usiku imangoposedwa kuwala ndi ziwiri basi, zotchedwa Sirius ndi Canopus. Mukamaiyang'ana ndi maso mumaona imodzi, koma ndi nyenyezi ziwiri zikuzungulirana, ina yokulirapo pang'ono kuposa dzuwa lathuli ina yocheperapo pang'ono. Kuti zimalize ulendo umodzi zimatenga zaka pafupifupi 80, moti agogo angawa chibadwire nyenyezizi zangozungulirana kamodzi. Nthawi zina zimayandikana ngati mtunda wa dzuwa ndi pulaneti ya Saturn, kenako nkutalikirana kupitirira mtunda wa dzuwa ndi pulaneti ya Neptune. Zinayandikana kwambiri mu 1955 ndipo zidzateronso mu 2035.

Chaka chatha mnzanga wina wophunzitsa sayansi anandionetsa pa katelesikopu kake, tinaika pa thebulo panja ku Katoto manja akunjenjemera ndi mphepo, chithunzi chikugwedera gwedera, kenako chitakhazikika ndinaona timadontho tiwiri towala titagundana mapewa, kena koyera kena kofiirira pang'ono. Ndinachotsa diso nkuyang'ana kumwamba, imodzi. Kubwezanso diso, ziwiri. Mpaka lero ndikaiona thupi limachita tsembwe.

Woyamba kuzindikira kuti ndi ziwiri anali wansembe wa ku France dzina lake Jean Richaud mu 1689, ali ku Pondicherry ku India. Ndiye palinso kachitatu, Proxima Centauri, kofiira kosaoneka ndi maso, anakapeza Robert Innes ku Johannesburg mu 1915, konkuno kwathu ku Africa. Kameneko ndi komwe kali pafupi kwambiri ndi dzuwa lathu pa nyenyezi zonse. Kuwala kwa banja lonseli kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike mmaso mwathu.

Chimene chimandikhudza nchakuti ziwiri timaziona ngati mapasa zija, Alpha ndi mnzake Beta Centauri, si pachibale nkomwe. Beta ili kutali zedi, kuwala kwake kumayenda zaka mazana angapo, zangopezeka mbali imodzi tikamayang'ana tili pansi pano. Mapasa enieni abisala mu ija timaiyesa imodzi.

Mayi amene mwalemba kuti kwanu ku Ntcheu dzinali ankatchulira mtanda osati ziwirizo, ndamva ndipo nzomveka, mtanda ndi umene uli ndi maonekedwe oti munthu angaupatse dzina. Koma khalidwe lake ndi limodzi zonsezi. Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zimatuluka kummawa nkukwera pamwamba mpaka kukalowa kumadzulo, pamene izi zimangotulukira chakummwera, kukwera pang'ono osafika pamutu, nkutsikiranso konko. Kumpoto sizipondako ndithu. Munthu amene anapeka dzinali anakhala panja usiku wambiri akuyang'anitsitsa, opanda foni opanda chilichonse, nkuona kuti gulu ili lili ndi kwawo. Zimandiwawa kuti ana anga akudziwa Southern Cross ya m'buku la kusukulu koma Kumpotosimpita anayamba kumumva Lachisanu lomweli.

Abale a Chitumbuka ndi Chitonga muli pano, inu mumazitcha chani nyenyezi zimenezi? Makamaka asodzi a ku Nkhata Bay omwe mumachezera panyanja, mundifunsireko kwa madala.

Agogo akubwerera ku Dedza Lamlungu. Ndamupempha mnzanga uja abweretse katelesikopu Loweruka madzulo, kukapanda chifunga ndiwakhazika pampando ndiime kumbuyo kwawo, ndodo tigwire tonse aloze bwinobwino imodzi imodzi, kenako ndiwaonetse ziwiri zobisala zija. Amene muli ndi agogo pafupi afunseninso usiku uno chonde, mundiuze komwe aloze.