Tithandize bwanji sukulu ya kwathu pa nkhani ya ukhondo?

Mayi wa ku Rosettenville:
Abale anga a kuno ku Johannesburg, gulu lathu la amayi lasonkha ndalama zothandizira sukulu ya pulayimale kwathu ku Mangochi, koma tasiyana maganizo. Kodi tiyambe ndi kumanga zimbudzi kapena kugula sopo ndi ndowa zosambira m'manja?

Bambo wa ku Mayfair:
Mayi, ine ndikuona kuti madzi ndiwo ayenera kutsogola, chifukwa popanda mjigo pafupi, sopo sathandiza mwana aliyense. Kumbukirani kuti mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha kolera, matenda amene amafala kudzera m'madzi ndi chakudya chodetsedwa.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Yeoville:
Chonde musaiwale atsikana, pakuti ambiri amene atha msinkhu amajomba kusukulu masiku amene ali kumwezi ngati palibe chipinda chobisika chosinthira. Musanatumize ndalama, kambiranani kaye ndi komiti ya sukulu komanso alangizi a zaumoyo a m'deralo, amenenso angaphunzitse ana kusamba m'manja moyenera.

Mayi wa ku Tembisa:
Mukamanga zimbudzi, dzenje likhale ndi silabu yolimba ya simenti ndi chibowo chaching'ono. M'chigawo cha Limpopo kuno ku South Africa, ana aang'ono anafera m'zimbudzi zokumba za pasukulu.